Katundu Anapsa, Ngongole Inatsala

M'bandakucha wa pa 4 Julayi 2017 moto unabuka pa City Market mu Lusaka, ndipo pamene dzuwa limatuluka mbali yaikulu ya msikawo inali itasanduka phulusa ndi malata opindikapindika. Zovala, nsapato, mabulangete ndi mapoto, zonse zinapita. Kwa masabata angapo dziko linakangana za amene anayatsa motowo. Koma panali chinthu chimodzi chimene malawi aja sanachikhudze konse. Aliyense amene anaoda katundu wake ndi ndalama zokongola anadzuka m'mawa mwake alibe chogulitsa, pamene ngongole yake inali ya moyo, chiwongoladzanja chikukula monga mwa masiku onse.

Tikukumbutsa zimenezi chifukwa cha funso limene silisowa m'mauthenga amene timalandira kuchokera kwa inu amene munatsiriza maphunziro pano: kodi ngongole tingaipeze kuti? Funsoli sitilinyoza. Munthu amene waphunzira kufesa, kuokera ndi kulera anapiye, koma alibe mpamba, ali ngati mlimi wa khasu lopanda mpini. Komabe ife tikuona kuti funsoli limafulumira. Lisanabwere ilo payenera kubwera ena: ntchito imene ndikufuna kuchita ikufuna ndalama za ndani, zobwezedwa liti, ndipo zinthu zikavuta adzalira ndani? Makampani aakulu amalemba ntchito anthu ophunzira kuti azingosinkhasinkha mafunso amenewa. Mlimi wa mabedi 20 a repu alibe womuganizira, koma mafunso ake ndi omwewo.

Akatswiri a zachuma akhala akulimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zambiri. Mu 1958, Franco Modigliani ndi Merton Miller a ku America anasonyeza ndi masamu kuti m'dziko lopanda msonkho, momwe aliyense amadziwa zonse ndipo onse amakongola pa mtengo umodzi, zilibe kanthu kaya kampani iyendetsedwa ndi ngongole kapena ndi ndalama za eni ake. Dziko lotero kulibe, ndipo iwonso ankadziwa. Mu 1984 Stewart Myers anafotokoza zimene makampani ambiri amachitadi: amayamba ndi phindu lawo lomwe, likachepa amakongola, ndipo kugulitsa masheya kwa anthu akunja kwa kampaniyo kumabwera pamapeto penipeni. Kenaka mu 2001 Laurence Booth ndi anzake atatu anafufuza makampani a m'maiko 10 amene akutukuka kumene, kuphatikizapo Zimbabwe, India ndi Brazil. Anapeza kuti kampani ikamapindula kwambiri imakongola pang'ono, ndiponso kuti makampani a m'maiko otere amakhala ndi ngongole zochepa za nthawi yaitali poyerekeza ndi anzawo a m'maiko olemera.

Amayi ogulitsa ndiwo zamasamba m'mbali mwa msewu wa Lumumba sanawerengepo mapepala amenewa, koma amayenda m'mapazi omwewo. Amayamba ndi ndalama yomanga pa nsonga ya chitenje. Ikachepa amadikira tsiku lawo la chilimba. Pakavuta amatenga bokosi la matimati m'mawa kwa wowadziwa, kuti alipire madzulo akagulitsa. Kwa wa kaloba amapita mtima uli m'mwamba, ndipo kulowetsa munthu wina mu bizinesi kuti azigawana naye phindu ndi chinthu chimene amachikana mpaka mapeto. Nzeru imeneyi anaiphunzira ndi misozi, ndipo ife a mabuku tiyenera kuivulira chipewa.

Tiyambe ndi mtengo wa ndalama. Kwa zaka pafupifupi 10 tsopano, chiwongoladzanja cha mabanki m'Zambia chakhala chikuzungulira pa 25 peresenti pachaka kapena kuposerapo. Ambiri amati nkhanza za mabanki, ndipo mwina mbali ina ndi zoona, koma muzu wake uli pena. Banki ili ndi makasitomala awiri pakhomo. Mmodzi ndi mlimi wa matimati wa ku Chongwe. Wina ndi boma, limene m'zaka za 2020 ndi 2021 linkalonjeza chiwongoladzanja choposa 30 peresenti pa ngongole zake za zaka zingapo. Inuyo mutakhala mkulu wa banki mungasankhe yani? Boma likamakongola kwambiri m'dziko momwemo limakhala ngati tambala wamkulu pa mbale ya anapiye: sawaluma, koma iwo amagona ndi njala. Mu Febuluwale 2024, pofuna kuchirikiza kwacha, Bank of Zambia inalamula kuti pa K100 iliyonse imene anthu asungitsa, mabanki azisunga K26 ku banki yaikuluyo. Ndalama zokongoza zinachepanso.

Anayesapo kumanga mtengowu ndi lamulo. Mu Januwale 2013 Bank of Zambia inaletsa mabanki kupitirira 18.25 peresenti, koma mu Novembala 2015 malirewo anachotsedwa. Wobwereketsa ukamuikira mtengo sakakamizika kukongoza aliyense. Amangosankha olemera amene sawakayikira, wosauka n'kubwerera kwa wa kaloba.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. M'mabuku a zamalonda amaphunzitsa kuti ngongole ili ndi ubwino wa msonkho, popeza chiwongoladzanja chimachotsedwa pa phindu asanawerengere msonkho. N'zoona kwa kampani imene imakhoma 30 peresenti: pa K100 iliyonse ya chiwongoladzanja, msonkho wake umatsika ndi K30. Koma phindu la ulimi m'dziko muno limakhomedwa 10 peresenti yokha, choncho mlimi amapulumutsa K10 basi. Wamalonda wamng'ono amene amakhoma msonkho pa zonse zimene wagulitsa, osati pa phindu, sapulumutsa ngakhale ngwee imodzi. Munthu akakuuzani kuti makampani onse anzeru amayendera ngongole, mufunseni kuti amakhoma msonkho wanji.

Chachiwiri ndi mtundu wa ndalama. Mu 2012 dziko lathu linakongola madola 750 miliyoni pa misika ya kunja, pa chiwongoladzanja cha 5.375 peresenti, ndipo anthu anaomba m'manja kuti ndalama zotchipa zapezeka. Mu 2014 linatenganso biliyoni imodzi, mu 2015 biliyoni 1.25. Panthawi ya ngongole yoyamba ija dola imodzi inali pafupifupi K5 m'ndalama za lero. Mu Novembala 2020, pamene Zambia inalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja, dola inali pafupifupi K21. Ngongole yomweyo, popanda kuwonjezerapo senti, inali itakula kanayi m'makwacha amene boma limatolera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zinatenga mpaka 2023 kuti tigwirizane ndi maiko amene anatikongoza, ndi mpaka 2024 kuti timvane ndi eni ngongole za pa misika zija.

Makampani nawo analawa ndodo yomweyo. Mu 2015 kwacha inagwa kwambiri, ndipo Zambeef, imene imagulitsa nyama, mkaka ndi mazira ake ambiri m'makwacha, inali ndi ngongole za madola. Chaka chomwecho inagulitsa fakitale yake ya mafuta ophikira, Zamanita, kwa Cargill. Mu 2016 inalandira madola 65 miliyoni kuchokera ku CDC, bungwe la boma la Britain, posinthanitsa ndi masheya, ndipo mbali ina ya ndalamazo inachepetsera ngongole. Taonani: kampani ya minda ikuluikulu ku Mpongwe ndi mabutchala m'dziko lonse inaona kuti n'kwabwino kugawana umwini ndi wina kusiyana ndi kusenza ngongole yowonjezera.

Mwina mukuti, ife sitikongola madola. Zoona, koma dola imabisala mu thumba la feteleza, m'botolo la katemera wa nkhuku, m'mankhwala opopera ndi mu pampu ya madzi. Zonsezi zimakwera kwacha ikagwa, pamene mayi wa ku Kabwata wogula mpukutu wa repu malipiro a pabanja pake sanakwere.

Tsopano tifike pa nkhani imene ife timaiona kuti ndiyo imagwetsa ophunzira athu ambiri, ndiyo nthawi. Mbewu iliyonse ndi chiweto chilichonse chili ndi kalendala yake, ndipo sichifunsa kwa wobwereketsa. Nkhuku za nyama zimafuna masabata 6. Nkhuku za mazira zimadya kwa masabata 18 mpaka 20 zisanaikire dzira loyamba. Matimati, kuchokera pofesa mpaka bokosi loyamba, ndi miyezi itatu kapena kuposa. Mtengo wa mapeyala womezanitsa umakudikiritsa zaka zitatu kapena zinayi. Chitsime chokumba ndi makina chimabweza ndalama zake pang'onopang'ono, nyengo ndi nyengo. Ngongole imene iyenera kubwezedwa mbewu isanache imabwezedwa ndi ngongole ina, ndipo apo ndi pamene dzenje limayambira.

Tiyeni tiyerekeze. Mnyamata watenga K10,000 kwa wa kaloba pa 30 peresenti pamwezi, ndipo ambiri a inu mukudziwa ena amene amafuna yoposa pamenepo. Wagula anapiye, chakudya, katemera ndi makala. Mwezi ukutha nkhuku zili ndi masabata anayi, sizinafike pogulitsa, koma ngongole yafika K13,000. Pa sabata lachisanu ndi chimodzi zakhwima, koma nkhuku sizigulidwa tsiku limodzi. Wina atenga zisanu, wina ziwiri, wina akuti ndilipira mwezi ukatha, ndipo zotsala m'khola zikudyabe. Mwezi wachiwiri ukamatha, ngati chiwongoladzanja chiberekana, afunika kubweza K16,900. Ndi khola liti la nkhuku limene limabala phindu la K69 pa K100 iliyonse m'miyezi iwiri? Mnyamata uja wadzuka usiku kusonkhezera mbaula, wakolopa zomwera, wanunkha manyowa, ndipo phindu lonse, ndi mbali ya mpamba womwe, lapita kwa munthu amene sanagwirepo mwanapiye. Ndalama yomweyo ku banki pa 28 peresenti pachaka ikanabala chiwongoladzanja chosafika K500 m'miyezi iwiriyo, tisanawerengere zolipira zina za mapepala. Koma banki siimudziwa mnyamatayo, ndipo wa kaloba amapereka lero lomwe. Ngongole za pafoni nazo zimakoma chifukwa cha liwiro lomweli. Musanadinize batani, sandutsani chiwongoladzanja cha masiku 7 kapena 30 kukhala cha chaka chonse, muone nambala imene ituluke.

Ife amene sititsegula malonda pa Sabata tili ndi kuwerengera kwinanso. Loweruka ndi tsiku limene anthu ambiri a m'tauni amagula za pakhomo, ndipo ife timagulitsa masiku 6 pamene chiwongoladzanja chimayenda masiku 7. Ngongole yobweza tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata iyenera kuyezedwa pa masiku amene mumagulitsadi.

Palinso ngongole imene mlimi amapereka iye mwini mosadziwa. Ambiri mumalakalaka kupereka ndiwo m'masitolo akuluakulu ndi m'malo odyera a ku Woodlands ndi Kabulonga, chifukwa mtengo wake ndi wabwino. Koma ogula otere kawirikawiri amalipira patapita masiku 30 kapena kuposa. M'masiku onsewo inu ndinu banki yawo, banki yosalandira chiwongoladzanja. Ngati mbewu munaigula ndi ndalama zokongola, mukulipira chiwongoladzanja pa katundu amene anthu anadya kale. Mtengo wotsika wa pa msika, wolandira m'manja dzuwa lisanatenthe, nthawi zina umaposa mtengo wokwera wa pa pepala.

Nanga chikole? Kampani ya nyumba, makina ndi malo a mapepala imakongola mosavuta, chifukwa wobwereketsa amaona chogwira. Minda yambiri ya kwathu ili m'manja mwa mafumu, yopanda chikalata chimene banki ingalandire. Lamulo la malo la 1995 limalola kusintha malo otere kukhala a chikalata cha zaka 99, mfumu ikavomera, koma njira yake ndi yaitali ndi yodya ndalama. Choncho maso a wachinyamata amatembenukira ku chikalata chimodzi chokha chimene banja lili nacho: nyumba ya makolo. Mabanja ambiri a ku Kabwata ndi Chelstone anapeza nyumba zawo kuyambira 1996, pamene boma la Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa amene ankakhalamo. Nyumba imeneyo ndiyo penshoni ya amayi anu, ndiyo pogona pa ana a malemu mlongo wanu, ndiyo pofikira maliro. Pano tikulankhula mosapsatira: musaike nyumba ya makolo pa chikole chifukwa cha mbewu ya nyengo imodzi. Matimati akagwidwa ndi kachilombo ka Tuta absoluta, kamene kanalowa m'dziko muno mu 2016, mungadzalenso. Nyumba ikapita pa okushoni siibwerera. Kuyambira 2016 pali lamulo lolola kuika pa chikole katundu wosunthika, monga ng'ombe, makina ndi zokolola, ndi kulembetsa ku PACRA. Si obwereketsa onse amene amalikonda, koma funsani za ilo musanapite kukagwada kwa amayi.

Chinthu china chimene makampani amayang'ana ndi kukhazikika kwa ndalama zolowa. Zambia Sugar inakulitsa fakitale ndi minda yake ku Nakambala pakati pa 2007 ndi 2009 mothandizidwa ndi ngongole yaikulu, ndipo inatha kutero chifukwa nzimbe zake zimamwa madzi a mu Kafue ndipo shuga sasowa wogula. Chimanga cha mvula chilibe chitsimikizo chotere. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo zokolola za chimanga zinatsika kuchoka pa matani oposa 3 miliyoni kufika pafupifupi 1.5 miliyoni. Madzi a mu Kariba atachepa, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, kotero kuti ngakhale wothirira ndi pampu ya magetsi anaona kabichi yake ikufota. Mu Januwale 2018 kolera inachititsa kuti ogulitsa achotsedwe m'misewu ya mu Lusaka ndi misika ina itsekedwe, alimi ndiwo zikuwaolera m'manja. Zaka zosakwana 10, moto, mliri ndi chilala. Bizinesi imene ndalama zake zimakwera ndi kutsika chonchi imayenera ngongole yaing'ono, yoti ingabwezedwe ngakhale m'chaka choipa.

Koma tisamveke ngati tikuti ngongole yonse ndi njoka. Tikudziwa alimi amene amaiopa kwambiri moti akhala zaka 15 akuthirira ndi kheni, msana utapindika, dimba lomwelo losakula, pamene mtsinje ukudutsa pafupi. Kuopa kotere nako kuli ndi mtengo wake, ngakhale sulembedwa pa pepala lililonse. Mlimi amene wagulitsa ndiwo nyengo zitatu kapena zinayi, amene ali ndi ogula owadziwa ndipo vuto lake ndi madzi okha, akatenga ngongole ya makwacha ya zaka ziwiri kugula pampu ya sola ndi mapaipi, ife timuombera m'manja. Pampuyo imawonjezera mabedi, mabediwo amabweza ngongole, ndipo zikavutitsitsa pampu yomweyo ingagulitsidwe. Chimene timakana ndi ngongole yophunzirira ntchito. Nkhuku zoyamba zimafa zambiri, nazale yoyamba imapserera. Zolakwa zimenezi zilipiridwe ndi ndalama zanu zochepa, pa anapiye 50, osati ndi ndalama za mwini pa anapiye 500.

Ndipo njira imene amayi a pa msika amaikana ija, yolowetsa mnzako mu bizinesi, ife tikuti iganizireninso. Malume amene ali pa ntchito m'tauni akaika K10,000 kuti muzigawana phindu, chaka cha chilala mumalira limodzi. Wobwereketsa salira nanu. Choopsa chake ndi chibale kusweka, ndipo chimasweka chifukwa anthu amachita manyazi kulemba. Lembani: waika zingati, atenga gawo lanji, liti, ndipo akafuna kutuluka zidzatani. Pakhale mboni ziwiri.

Za ndalama za boma tinenepo pang'ono. Mu 2022 thumba la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo mbali ina ndi ngongole za chiwongoladzanja chotsika kwa magulu ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Pemphani, ndi zanu. Koma akuluakulu amene analima m'zaka za UNIP akuuzani za Lima Bank, imene inkakongoza alimi mpaka inatsekedwa mu 1997, mwa zina chifukwa ngongole zambiri sizinabwezedwe. Anthu ankati ndalama za boma ndi mphatso. Itagwa, ana awo anakula opanda kokongola, ndipo mpaka lero mlimi wamng'ono akalowa mu banki amayang'anidwa ndi diso la kumbali. Walira mvula walira matope: amene atenga za CDF abweze, kuti gulu la chaka chamawa lipezepo kanthu.

Obwereketsa, kaya banki kaya gulu la m'mudzi, amaopa chimene sachiona, ndipo mantha awowo amawaika pa chiwongoladzanja. Mlimi wopanda zolemba amalipira mtengo wa munthu wosadziwika, ngakhale akhale wakhama chotani. Kabuku ka sukulu kolembamo zogula ndi zogulitsa tsiku ndi tsiku, malisiti osungidwa m'chitini, ndi ndalama zodutsa pa akaunti kapena pafoni m'malo mwa m'thumba, zimenezi ndizo zimakudziwitsani kwa munthu amene sanaonepo dimba lanu. Amene muli ndi pepala la ngongole limene mukufuna kusaina nyengo ino, bwerani nalo kuno musanasaine, pamodzi ndi kabuku kanu ka miyezi 6 yapitayi. Tidzakhala pansi ndi pensulo, tiike tsiku lobweza pambali pa tsiku lokolola, tione ngati akumana.